Matope m'Firiji Mwanga

Mutu 6

1. Timabotolo m'beseni

Ndinali pakhomo la khitchini ndikutsuka timabotolo pamene mwana wanga wamkazi analowa pageti akuthamanga, chikwama chikumumenya kumsana, sokosi imodzi itagwera m'nsapato.

Timabotoloto tinali tabwino ndithu. Tagalasi, totsekeka bwino, tofanana tonse. Ndinali nditatigawa kale m'mutu: kena ka mchere, kena ka soda, kena ka mabatani, tiwiri ta aneba amene amandibwereka sefa. Chondivuta chinali timapepala tomata pamwamba pake. Ndinkachita kupala ndi mpeni.

"Amayi, andisankha."

"Yamba wavula yunifolomuyo. Kolala yada kale ngati ya wogulitsa makala."

"Amayi, tamverani. Adokotala a ku yunivesite aja asankha ine. Holide ikubwerayi ndikakhala ku labotale kwawo, ndikawerenga ndekha mungu wa m'matope athu aja. M'kalabu yonse ya sayansi atenga munthu mmodzi. Ndine."

Ndinaweramuka, msana nkulira ngati chitseko chakale. Ine ndimachapa ndi kusita pa hotela ina, tsiku lonse chiimire, ndipo nkhani yabwino sibwerabwera pakhomo panga. Bambo ake a mwanayu anamwalira iye asanayambe sukulu. Ndinafuna kumukumbatira koma manja anali thovu lokhalokha.

"Akuti akusankha chifukwa chiyani?"

"Akuti ndine wosamala. Akuti mpeni wanga unkakhala woyera nthawi zonse." Anaseka. "Mawa akubwera kusukulu kudzatenga matopewo. Ndinyamule m'mawa."

Kenako anayang'ana m'beseni. Kuseka kunathera pomwepo.

Anatola kabotolo kamodzi nkukatembenuza. Kapepala kanali katatsala theka, nambala yake itafufutika.

"Amayi, iti mwatitenga kuti?"

"M'firiji."

"Nanga za m'katimo?"

"Usandiyang'ane choncho. Sindinataye ngakhale pang'ono. Zonse zili m'mbale ya pulasitiki ya chivundikiro chobiriwira ija. Ndaziika pamodzi."

Mwana anakhala pansi pasimenti yonyowa, yunifolomu ili m'thupi.

2. Mbali yanga

Ndinene kaye mbali yanga, chifukwa m'nyumba muno aliyense ali ndi womunenera kupatula ine.

Kumunsi kwa dera lathu kuli dambo. Anthu anagula malowo, ndipo malole akhala akutayamo dothi ndi zidutswa za njerwa kuti amangepo masitolo. Adokotala aja atamva, anabwera kusukulu kudzatenga ana a kalabu ya sayansi. Si adokotala a odwala ayi. Ndi mayi wamfupi wokonda kuvala jombo, ntchito yawo kufufuza zomera zakale. Anapita ndi anawo pakati pa dambo, nkukhomerera chitsulo champhako m'matope mpaka pansi, nkuchizula chili ndi matope aatali ngati soseji. Anawaduladula, chidutswa chilichonse m'kabotolo kake, nkulembapo nambala.

Matopewo amafunika kukhala pozizira kuti asachite nkhungu. Firiji ya kusukulu inafa. Aphunzitsi a sayansi atafunsa kuti ndani ali ndi firiji pafupi, mwana wanga anakweza mkono ngati firijiyo anagula ndi iye.

Kundiuza anandiuza, sindikana. Ndinali nditangofika kuchokera kuntchito, mapazi ali m'madzi otentha, iye nkuti, "Amayi, ndaika za kusukulu m'firiji." Basi. Sananene kuti ndi golide.

Tsiku limeneli ndinali pa ofu. Ndabwera ndi nyama, ndikutsegula firiji, malo mulibe. Shelefu yonse timabotolo tokhatokha. Kutsegula kamodzi, matope osafika ndi theka lomwe. Kena chimodzimodzi. Mayi aliyense wanzeru amadziwa chochita ndi mabotolo a theka. Ndinakhuthulira zonse m'mbale imodzi. Ena anali owumirira, ndiye ndinathirako timadzi ta pampopi nkutakasa bwinobwino kuti akhale osalala. Ndinavundikira nkubwezera m'firiji. Nyama inakwana, mkaka unakwana.

"Munatakasa," anatero mwana wanga, maso ali pansi.

"Matope ndi matope. Kodi asanduka china?"

"Amayi, si amodzi. A pamwamba ndi a masiku ano. A pansi ndi a zaka zikwizikwi zapitazo."

"Anakuuza ndani zaka zawo? Ali ndi chiphaso chobadwira?"

Sanaseke. Anayamba kunena mawu a adokotala aja ngati wowerenga lemba, ndipo ndinaona kuti anali atawasunga onse.

"Tsiku loyamba lomwe anatiuza kuti: 'Ana inu, duwa lililonse, udzu uliwonse, mtengo uliwonse umatulutsa mungu, kafumbi kamene kamakuyetsemulitsani kaja. Mphepo imauwaza paliponse. Wogwera pamtunda umaola, koma wogwera m'dambo umamira m'matope mopanda mpweya, ndipo khungu lake ndi lolimba, siliola. Chaka ndi chaka matope atsopano amakwirira akale. Mungu wa udzu ndi wobulungira, uli ndi kabowo kamodzi. Wa paini uli ngati mutu wa makutu awiri akuluakulu. Mukauona pa maikulosikopu mudziwa chomwe chinkamera pano. Mupezamonso tizidutswa ta masamba, timbewu, makala a moto wakale, ndi tizigoba ta tizomera ta m'madzi tokuuzani ngati madzi anali akuya kapena ayi. Koma mverani. Dambo silidziwa kulemba deti. Deti yake ndi kusanjikizana kwa matopewo basi. Mpeni umene wadula pamwamba usakhudze pansi usanatsukidwe. Zenera likhale lotseka, chifukwa mungu wa lero ukuuluka panja pano. Mukasakaniza, mwatenga agogo, amayi ndi khanda nkuwapatsa tsiku limodzi lobadwa.'"

Ndinayang'ana zenera la khitchini. Linali lotsegula chitsegulire m'mawa, ndipo kunja kwake kuli maluwa a aneba.

"Mawu onsewo unawasunga m'mutu," ndinatero, "koma ine mayi wako unandipatsa mawu asanu okha. Firiji ya ine, magetsi a ine, ulaliki wa adokotala."

3. Nzeru za pagalaja

Mlongo wanga wamng'ono amakhala nafe, ndi makaniko pagalaja la kumsika. Anafika tili chikhalire, ovololo ili yomanga m'chiuno. Mwana wangayu iye amamutcha Pulofesa.

"Kwagwanji kuno? Pulofesa, walephera mayeso? Achemwali, mwapsereza nyama?"

Ndinamufotokozera. Anatulutsa mbale ija m'firiji, nkuvundukula, nkununkhiza.

"Koma achemwali mumatakasa. Mulibe ndi mbulu umodzi womwe."

"Ukapitiriza ugona ndi njala."

Anakoka mpando nkukhala moyang'anizana ndi mwana.

"Pulofesa, pukuta maso. Galimoto iyi sinafe, yangozima. Mabotolo alipo?"

"Alipo, amalume."

"Manambala ukuwakumbukira?"

"Ndinalemba ndine."

"Matope alipo, mabotolo alipo, manambala ali m'mutu. Tenga supuni, gawa, mata timapepala tatsopano. Mawa ukapereke uku ukumwetulira. Nkhani yatha."

"Ndiye kuti mabotolo onse adzanena zofanana."

"Si zabwino zimenezo? Mboni zikagwirizana mlandu umatha msanga."

"Amalume, adzanena kuti dambolo silinasinthepo chiyambire."

"Ndiye dambo lidzakusumira? Mwezi wamawa pamenepo padzakhala sitolo ya matayala. Tamvera ndikuuze, ine ndakula ndi ntchito za anthu. Pagalaja langa loyamba tinalipo anyamata awiri. Tsiku lina tinaiwala kuthira oyilo m'galimoto ya kasitomala, injini nkugwira. Abwana anafunsa kuti wachita ndani. Ine ndi ulemu wanga ndinati ndife. Mnzanga anati iye anali kuchimbudzi. Ine anandithamangitsa tsiku lomwelo, mnzanga uja lero ndi kapitawo, ali ndi mimba yotere. Anthu akuluakulu amakonda kunena kuti nenani zoona, tikukhululukirani. Ukanena, amakuthokoza, kenako amakutsegulira chitseko. Mwayi uwu wagwera iwe, mwana wa mayi wochapa. Sudzabweranso. Ana a madokotala akaphonya pano amakalowera khomo lina. Iwe khomo lako ndi lomweli. Ukalitseka wekha, usadzati amalume sananene. Wakutsina khutu ndi mnansi."

Mwana anatembenukira kwa ine.

Ndikanakonda kulemba pano kuti ndinamukalipira mlongo wangayo. Sindinatero. Ndinaganiza za mapazi anga otupa, ndi za labotale imene mwana wanga akanalowamo atavala chovala choyera chochapa munthu wina. Ndinanyamuka, kukatenga supuni, kuitsuka, kuipukuta, nkuiika patebulo.

"Amalume ako salankhula zanzeru kawirikawiri," ndinatero. "Lero alankhula. Ine sindinadzuke m'mamawa zaka zonsezi kuti udzataye mwayi chifukwa cha matope. Palibe amene waba. Palibe amene wavulala. Zonse zimene anakupatsa uwabwezera, ngakhale timadzi tapampopi tawonjezerapo ulere. Gawa."

4. Supuni

Ndinatseka zenera ndekha. Mlongo wanga anandandalika timabotolo touma patebulo, nkudula timapepala ndi lumo.

Mwana anasamba m'manja. Anatenga supuni, nkutapa matope, nkuthira m'kabotolo koyamba. Anapukuta kukamwa kwa kabotolo, nkutseka.

"Waona? Pulofesa weniweni," anatero amalume ake. "Lemba nambala."

Mwana anagwira cholembera. Anakhala choncho, osalemba.

"Aka kakanakhala ka pansi penipeni," anatero. "Matope ake anali otuwa, osalala ngati sopo. Adokotala anatapako pang'ono tsiku lomwelo nkutionetsa pa maikulosikopu ya kusukulu. Munali tizigoba tambirimbiri ta m'madzi akuya, ndi mungu wa mitengo imene kuno kulibe. Anati mwina pano panali nyanja yaing'ono, nkhalango kuzungulira. Anati mwina, tikawerenge kaye. Ka pamwamba kanali kakuda, udzu wokhawokha ndi makala."

"Ndiye ukudziwa kale yankho," ndinatero. "Ukakafika kumeneko ukalembe zomwezo."

"Ndikalembe zimene sindikuziona?"

"Iwe, usandiyankhe ngati loya."

"Amayi, kuwerenga kwake si kwa tsiku limodzi. Kabotolo kalikonse munthu amawerenga mungu mazanamazana, kamodzikamodzi, mpaka maso kuwawa. Ndikakhala pamenepo holide yonse ndikuwerenga phala, ndikudziwa kuti ndi phala, adokotala akundifunsa kuti wapeza chiyani. Kenako akalemba kuti dambo lathu linali chomwechi kuyambira kale. Anzanga a m'kalabu analowa m'matope mpaka m'chiuno. Wina misundu inamuluma. Matopewa si anga ndekha."

Anatsegula kabotolo kaja, nkukhuthulira matope m'mbale momwe anachokera. Anavundikira mbaleyo nkuibwezera m'firiji.

"Mawa ndinyamula mbaleyi mmene ilili."

Amalume ake anaponya lumo patebulo.

"Achemwali, mwana uyu mwamulera ndi mabuku ambiri."

Ine ndinapsa mtima, ndipo sindibisa. Ndinamuuza kuti ndi wamwano. Ndinamuuza kuti chilungamo sichigula nsapato. Ndinamuuza kuti akufuna kukandiyalutsa kusukulu kuti mayi wake ndi mbuli yotakasa sayansi ndi supuni. Iye anangovula yunifolomu yonyowa ija nkuyamba kuichapa yekha, chinthu chimene ndakhala ndikumuuza chaka chonse osamva.

5. M'labotale ya kusukulu

M'mawa ndinatumiza uthenga kuntchito kuti ndichedwa. Sindikanalola kuti akaime yekha. Tinayenda, iye patsogolo, mbale ili m'manja ngati wapita kukapempha moto.

Labotale ya kusukulu ndi chipinda chachitali cha matebulo a simenti ndi mipopi yosatuluka madzi. Firiji yakufa ija inali pakona, atasanjikapo makope. Aphunzitsi a sayansi, bambo wamtali wa choko m'manja mwa malaya, anali ataima ndi adokotala. Patebulo panali bokosi lozizira lotsegula, lodikira timabotolo.

Mwana anaika mbale patebulo nkuvundukula.

"Adokotala, matope aja asakanikirana onse. Alowanso madzi a pampopi, ndipo zenera linali lotsegula. Sangagwirenso ntchito."



"Asakanikirana okha?" anafunsa aphunzitsi.

"Ndinawaika m'firiji osafotokoza bwino kunyumba kuti ndi chiyani. Sindinawaike m'bokosi, sindinalembepo kuti asatsegulidwe. Kulakwa ndi kwanga."

Aphunzitsi anavula magalasi.

"Ukudziwa chimene wachita? Ine ndinakuyimira pamaso pa adokotala awa. Ndinati mwana uyu ndi wosamala kuposa onse. Sukulu ino sinalandirepo mlendo wa ku yunivesite chiimangire. Wabwera mmodzi, wataya nthawi yake, walowa nanu m'matope, iwe nkubweretsa phala m'mbale ya ndiwo. Ana a masiku ano mumakweza mkono musanaganize. Udindo si kukweza mkono ayi. Udindo ndi kugona ukuganiza za chinthu chimene wasungitsidwa, kudzuka nkukachiona. Safunsa anadya phula, koma safotokoza anadyetsa anzake. Anzako ndikawauza chiyani?"

Apa mpamene ndinalephera kupirira.

"Aphunzitsi, mwamaliza? Chifukwa amene anatakasa ndine. Supuni yanga, mbale yanga, firiji yanga. Mwanayu akungondiphimba. Ndipo poti mwatchula za udindo, ndikufunseni. Firiji yanu iyo inafa liti? Mwaisandutsa shelefu. Chinthu cha zaka zikwizikwi munapatsira mwana m'jumbo, osalemba ndi kakalata komwe kwa kholo, osaimba foni. Nambala yanga muli nayo, mumaipeza msanga mwana akachedwa. Inu mukudziwa sayansi, ine ndikudziwa firiji. Mukanandiuza mawu awiri okha, bwenzi nyama nditaipatsa aneba kuti andisungire. Amati nkhuyu zodya mwana zimapota akulu. Apa zadya akulu, inu ndi ine, ndiye zipote mwana?"

"Amayi," anatero mwana wanga chapansipansi.

"Khala chete, ndikulankhula ndi aphunzitsi ako."

Adokotala nthawi yonseyi anali akuyang'ana m'mbale. Anatapa pang'ono ndi chala nkufikisa.

"Mayi, mwanena zoona, ndipo mbali ina ndi yanga. Ndinayenera kunyamula matopewa tsiku lomwelo." Anatembenukira kwa mwana. "Timabotolo tilipo?"

"Tilipo."

"Manambala ukuwakumbukira?"

"Eya."

"Ndiye unadziwa kuti ukanatha kugawa nkumata timapepala."

"Ndinayamba. Ndinathira kamodzi, nkubweza."

Adokotala anapukuta chala pa buluku lawo.

"Ndikuuze chimene chikanachitika. Mwina ndikanazindikira patatha mwezi, nditaona mungu wa maluwa a pakhomo uli pansi pa dambo. Ndikanataya ntchito yonse, ndipo dzina lako sindikanafuna kulimvanso. Koma mwina sindikanazindikira, ndipo choopsa ndi chimenecho. Ndikanalemba kuti malo ano sanasinthepo, nyengo youma ndi yamvula zinali chimodzimodzi, nkhalango kunalibe. Wina akanawerenga nkukhulupirira, nkumangapo ntchito yake. Dambo likakwiriridwa palibe amene akanabwera kudzatitsutsa. Pa ntchito yathuyi zinthu zimatayika, mabotolo amasweka, ine ndinagwetsapo bokosi lonse mumtsinje. Chotayika timachilira nkuyambiranso. Koma chabodza chimakhala m'mabuku nkumabala ana. Wachita bwino kubweretsa mbaleyi."

Mtima wanga unayamba kutsika. Koma ndinafulumira kusangalala.

"Koma ku labotale sindingakutenge," anapitiriza. "Malo aja ndi a mwana wodzawerenga matope a dambo lino, ndipo matopewo palibe. Akuluakulu anga sangalole kuti ndisunge mwana wopanda chowerenga. Malowo apita ku sukulu ina imene ili ndi matope ake."

"Ndiye mphotho ya chilungamo ndi imeneyi?" ndinafunsa. "Mwamuyamikira, kenako mwamutsegulira chitseko. Mlongo wanga makaniko ananena dzulo, ndipo sananame."

"Mayi, sindikumulanga."

"Kwa amene akutuluka, kusiyana kwake nkotani?"

Mwana analowererapo ndi funso lake.

"Adokotala, nanga titakatenganso ena?"

"Chitsulo chobowolera chija anapita nacho anzanga kutali, chibwera sukulu itatsekera. Malole sadikira. Pakati pa dambo pokha mpamene patsala posakwirira."

"Nanga paipi wamba? Ya pulasitiki, yolimba?"

Adokotala anatseka bokosi lozizira lija.

"Ena amatero m'matope ofewa. Siifika pansi kwambiri, ndipo poizula matope amakonda kupulumuka. Iyenera kulowa choongoka, kutsekedwa kumwamba isanazulidwe, nkunyamulidwa osaigwedeza. Ukandibweretsera yotengedwa bwino ndisanapereke malo aja, ndidzaiona. Sindikulonjeza kanthu. Ndipo usapite wekha, dambo limameza."

Mbale yanga anaisunga, ati akaphunzitsire ana ena. Chivundikiro chomwe sanandibwezere.

6. Paipi ya padenga

Kuntchito anandikalipira chifukwa chochedwa, ndipo ndinasita mashiti ndi mkwiyo mpaka dzanja kuwawa. Pobwerera madzulo ndinamva kulira kwa sowo ndisanalowe pageti.

Mlongo wanga anali pamakwerero, akudula paipi yotsitsa madzi a padenga. Paipi yanga, yogwetsera madzi a mvula m'mgolo. Mwana anali pansi atagwira makwererowo, atavala jombo za amalume ake zomufika m'mawondo.

"Iwe, ukuchita chiyani ndi nyumba yanga?"

"Achemwali, mvula ili kutali. Ndidzabwezera."

"Si iwe unkati agawe ndi supuni?"

"Ndinanena, sanamve. Ndiye ndimusiye akamire yekha? Galimoto ikakana njira yachidule umaikankha pa yaitali." Anatsika nkuyamba kunola kukamwa kwa paipiyo ndi tupa. "Pulofesa akuti ikhale yakuthwa. Ine pano ndine wantchito chabe."

Mwana anabwera pafupi nane. Sanandiyang'ane m'maso.

"Amayi, timabotolo tija tifunikanso. Koma titsukidwe ndi madzi owiritsa, timapepala takale tichoke tonse. Mukatsuka muvundikire ndi nsalu yoyera. Zenera likhale lotseka. Ndiponso shelefu ya pamwamba m'firiji..."

"Lero ndiye ukudziwa kufotokoza."

"Eya, amayi."

"Nyama ndiika kwa aneba. Pita, dzuwa lisanalowe. Amalume ako akhale kutsogolo, akamira iwo dziko silitaya zambiri. Ukaona matope afika m'mawondo ubwerere, wamva? Ndilibe mwana wina."

Anatuluka, paipi ili paphewa, wina kutsogolo wina kumbuyo. Ndinatereka madzi, nkutseka zenera, nkubweza timabotolo tonse m'beseni. Kena ndinali nditathiramo kale mchere. Ndinakhuthula.

Ndili pakati popala timapepala, aneba amene ndinali nditawalonjeza timabotolo aja anasuzumira pampanda.

"Anzanga, timabotolo tanga tiwiri tija?"

"Pepani, tabwerera kwa eni ake."

"Ooh. Koma ndaona mwana wanu ndi amalume ake atsetsereka ndi paipi. Akupita kudambo?"

"Eya."

"Simunamve? Masanawa kwabwera anthu, azunguliza waya dambo lonse. Aika ndi chikwangwani. Pageti pali mlonda ndi galu wamkulu ngati mwana wa ng'ombe. Akuti mawa kukubwera chimakina chokankha dothi, amalize pakati paja."

Ndinaimirira, mpeni uli m'manja. Ndinapita pageti nkuyang'ana kumunsi. Msewu unali fumbi lokhalokha la malole, awiriwo osaonekanso. Ndinaimbira mlongo wanga, koma foni yake inangolira pawindo la kuchipinda, pomwe anaisiya kuopa matope.

Mwana ameneyu ndimamudziwa. Anabweza supuni pamaso pa ine mayi wake. Waya sangamubweze.

Madzi anali atawira mpaka chivundikiro kugwedera. Ndinabwerera, nkuwathira m'beseni, nkukhala pansi. Timabotolo toyera tinali tinayi, totsala tambiri, ndipo guluu wa timapepala sankafuna kuchoka. Ndinatola kachisanu nkuyamba kupala, khutu lili kumsewu. Akabwera ndi matope, apeze timabotolo tili toyera. Akabwera ndi mlonda, mlondayo apeze ine.